Mchere wa Rhoda

Amai Chibuye anafika ku Nyimba mu 1978 kudzaphunzitsa masamu, ndipo ankasunga m'nyumba mwawo mtsikana wa Fomu 3, Rhoda, wochokera kwa Nyalugwe. Mwanayo anali ndi mutu wakuthwa. Anzake akamatuluka thukuta ndi x, iye ankangoti ndi nambala yobisala basi, yofunika kuivundukula.

Rhoda ndiye ankaphika aphunzitsiwo akadali kusukulu. Mwa mwambo wa kwawo, akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Ankaitana Amai Sitali, akazi a ahedi, a nyumba yoyandikana nayo, kuti adzamuthirire. Poyamba Amai Chibuye ankangoseka nazo. Koma tsiku lina akudya chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, anazindikira kuti patha miyezi itatu Amai Sitali osaitanidwa. Anakankhira mbale kumbali.

Lamulo silinkapindika. Mtsikana akapezeka ndi pakati, sukulu yathera pomwepo, ndipo mphunzitsi womubisa ntchito imamuthera. Chonsecho mayeso anali atangotsala miyezi iwiri.

Masana amenewo anamukhazika Rhoda patebulo n'kulemba papepala: x + 3 = 9.

"Peza x."

"Tichotse 3 uku na uku," anatero Rhoda mosavutika. "x ni 6, amai."

"Yasala miyezi 6, eti?"

Rhoda anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako misozi inayamba kudontha, inki n'kumasungunuka. Amai Chibuye anapsa mtima, koma mantha ndi chisoni zinaposa mkwiyowo. Anali asanaphunzitsepo mwana wanzeru chotere.

"Mailo uitane Amai Sitali akuthilile mchele," anatero motsitsa mawu. "Masiku anai, monga kale. Mwezi wamawa chimodzimodzi."

"Koma ni boza, amai."

"Niziwa. Ulembe mayeso poyamba."

Tsiku lotsatira Amai Chibuye anathawa kusukulu msanga kuti adzionere okha. Amai Sitali analowa m'khitchini akumangirira chitenje, natapa mchere ndi zala.

"Wanikumbukila lelo, mwana iwe," anatero akumwetulira. "Nenze n'nayamba kuwelenga miyezi."

Amai Chibuye ankayesa kuti masamuwa akuwadziwa okha.

Mchere unagwera mumphika, koma Amai Sitali sanayang'ane n'komwe ndiwozo. Maso awo anali m'chiuno mwa Rhoda.