Makope a Kafufute

"Kwezani thumba linalo, bambo, dzuwa likupita," anatero mayi ena amasiye, manja ali m'chiuno.

Panali patatha masiku asanu chiikireni amuna awo m'manda. Anthu anali atabalalika, koma kachipinda ka malemuwo kanali kodzaza makope kuyambira pansi mpaka pawindo. Mayiwo ankakafuna kachipindako. Katundu wawo wa kumsika ankagona pakhonde, mvula ikumuwaza, pamene mapepala a zaka makumi atatu ankagona pouma ngati mabwana. Ndiye anaitana wogula mapepala akale, uja amayenda ndi wilibala, nalimbana naye pa mtengo mpaka munthuyo thukuta kamukamu.

"Amayi, dikirani kaye," anatero mwana wawo wamkazi. "Awa ndi makope a ku koleji. Ababa ankawasamala."

"Ankawasamala, makoswe n'kumadya. Uwatenga iwe? Kwanuko malo alipo?"



Nthawi yomweyo pageti panalowa alendo awiri, bambo wadazi woyendera ndodo ndi mayi wa magalasi. Anati anaphunzira limodzi ndi malemuwo ku koleji ya aphunzitsi, koma uthenga unawapeza mochedwa. Namfedwayo anawapatsa mipando, iye n'kukhala m'mphepete mwa benchi, phazi likugunda pansi, diso lili pa wilibala.

Anapepesa bwinobwino. Kenako, monga amachitira anthu ophunzira, anayamba zawozawo. Belu la m'mamawa. Madzi osamba ozizira ngati akuluma. Mphunzitsi wa masamu amene ankamutcha Namondwe, woponya choko osaphonya. Anaseka mpaka mayi wa magalasi anawavula n'kupukuta misozi.

Namfedwayo mtima unkangowira. Zaka zimenezo iye ankasenza madengu, sukulu atalekera kalasi yachitatu. Za Namondwe zimukhudza chiyani?

"Koma Kafufute!" anatero bambo wadazi, akupukusa mutu. "Watisiya Kafufute."

"Ameneyonso ndani?"

"Amuna anu, alamu. Sanakuuzeni dzina lawo?"

"Anandiuza limene ndinakwatiwa nalo. Linandikwanira."

Mayi wa magalasi anaseka. "Dzinalo linabwera chifukwa cha inu, achemwali. Kalata iliyonse yobwera kwa inu ankayamba wailemba kumapeto kwa kope. Akatero ayambe kufufuta. Mawu aatali achotse, aikepo aafupi. Katatu, kanayi, labala mpaka kutha. Akakhutira ndiye n'kukopera papepala labwino, zilembo zikuluzikulu."

"Tsiku lina Namondwe anamugwira m'kalasi," anawonjezera wadaziyo. "Anakweza kopelo m'mwamba. 'Mnyamata iwe, ukulembera mwana wa kalasi yoyamba?' Ife kuseka. Iye anaimirira, akuti, 'Ayi, aphunzitsi. Ndikulembera munthu amene sindifuna kuti akapemphe wina kumuwerengera.' Namondwe anangobweza kope. Choko sichinauluke tsiku limenelo."

Phazi la namfedwa lija linasiya kugunda.

Anazikumbukira zilembozo, zonenepa ngati maungu. Iye ankawaseka nazo amuna awo pamaso pa anthu. "Koleji yonse ija, kulemba ngati mwana!" Iwo ankangomwetulira n'kukanda kumutu. Makalatawo anakulungiramo mchere kumsika kalekale, chaka chimene mapepala anasowa. Sipanatsale ngakhale imodzi.

Kunja wilibala inalira, kwii kwii, ikulowera kumsewu.

Mayiwo anadzambatuka, mpango kugwa, osautola. Anamupeza wogula uja atangodutsa geti ndipo anagwira wilibalayo ndi manja awiri.

"Imani. Khuthulani."

"Aa, amayi, tagwirizana kale!"

"Tagwirizana mapepala. Makope ndinawatchula ine?"

"Munati zonse."

"Zonse zimene ndikugulitsa. Izi sindikugulitsa. Mukumva kapena ndikuwe kuti anthu abwere?"

"Nanga thukuta langali?"

"M'nyumbamo muli nyuzipepala mpaka kudenga, ndi makalendala omwe. Tengani. Kope ngakhale limodzi lisatuluke pano."

Munthuyo anang'ung'udza kuti akazi a kumsika ndi ovuta kuposa apolisi, koma anakhuthula. Makope anamwazika pafumbi, ena zikuto zitadyedwa. Alendo aja anafika pang'onopang'ono. Mayi wa magalasi anawerama, natola limodzi, nalipukuta ndi nsalu yake.

"Ili ndi la masamu, la kwa Namondwe," anatero. "Yambirani kumbuyo."

Namfedwayo anakhala pasitepe, kope pamiyendo. Tsamba lomaliza linali lakuda ndi zofufutafufuta, pena litabooka. Pamwamba panali mizere ya tizilembo tating'ono tolukanalukana, ta anthu a ku koleji, todulidwa pakati. M'munsi mwake zilembo zinkakula, mawu akuchepa.

Mwana wawo anagwada pambali. "Ndikuwerengereni, amayi?"

"Choka apa. Analembera iwe?"

Katundu wa kumsika anali adakali pakhonde, mitambo ikusonkhana, koma mayiwo sanayang'aneko. Ananyowetsa chala ndi malovu, nachiika pansi pa mzere womaliza, pamene zilembo zinali ngati maungu. Milomo inayamba kuyenda, chilembo chimodzichimodzi.

"Nda-ku-so-wa."

Anatsegula tsamba lina.