Chimbale cha Malemu Amayi

Chiyambire pomwe mnzake wina anamuuza kuti chimbale chimaimba mokoma ukachipaka mankhwala otsukira mano, bambo wa m'nyumbamo sanapumenso. Mkazi wake ankangopeza chubu chitafinyidwa mpaka kukhosi, ana akutsuka mkamwa ndi madzi okha. Kenaka panabwera cholembera chobiriwira chozunguliza m'mphepete mwa zimbale, ati kuti mawu asamathawire kunja.

Zonsezo mayiyo anapirira, mpaka tsiku lomwe anapeza chimbale cha kwaya ya malemu amayi ake chili pantchafu pa mwamunayo, chili mbuu ndi mankhwala. Chinalipo chimodzi chokhacho, ndipo chinali chitayamba kale timizere.

"Tamverani, mayi a ana," anatero bamboyo atachipukuta n'kuchiika mu wayilesi. "Apongozi sakumveka bwino tsopano? Ngati ayi, ndichipakenso."

Mayiyo anatchera khutu. Mawu anali omwe aja, kungoti penapake nyimbo inayamba kudumpha. Anayang'ana kansalu kali m'manja mwa mwamuna wake.

"Ngakhale ali moyo sankaimba mokoma chonchi," anatero. "Basi, musachikhudzenso."

Bamboyo akadali kumwetulira, iye anachitulutsa, nakachitsekera pansi penipeni pa sutikesi.