Nkhope ya Zakeyu

Zakeyu anamwalira Lachiwiri m'mawa m'tenti ya odwala kolera, pakampu ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki, kufupi ndi malire ku Mchinji. Azaumoyo anamukaniza mkazi wake Filomena kulowamo. Anangomupatsa mtembo wokulungidwa m'pulasitiki wakuda, womangidwa zingwe ngati belo la fodya, ukununkha mankhwala. Lameki, wazaumoyo wa pakampupo, anati asautsegule, asausambitse, auike tsiku lomwelo.

Koma Filomena sanali mwana. Munthu amene anachoka ku Tete wapansi, khanda kumsana, n'kugona m'tchire masiku asanu, sungamuuze kuti atseke maso iye n'kungovomera. Chaka chimenecho Amalawi anali kalikiliki ndi zisankho, ndipo pakampu mphekesera zinali mbwee. Ena ankati othawa nkhondo atopetsa eni dziko. Ena ankati maliro a m'tenti amatuluka opanda maso ndi lilime, ziwalozo zikupita ku Joni. Nanga Lameki ankayang'aniranji kumbali polankhula naye? Filomena anachita mantha kuti mwamuna wake akafika kwa makolo ali wosakwanira, ndi litsiro lomwe.

Masana, amuna atapita kukakumba manda, anatseka chitseko cha kanyumba kake n'kudula zingwe zija ndi mpeni wa ndiwo. Zakeyu anali momwemo wathunthu. Maso anali olowa m'kati koma analipo, lilime linalipo, m'mphuno anali atamutseka ndi thonje. Filomena anachotsa thonjelo, namusambitsa nkhope ndi manja ake, namupukuta ndi chitenje chimene anavala. Analira, koma mtima unakhala pansi. Anamanganso zingwe bwinobwino, palibe anadziwa.

Pobwera kumanda, mwana wake Enifa, wa zaka zinayi, ankalira njala. Anamusendera mbatata yophika ndi mpeni uja, n'kumamudyetsa ndi zala.

Lachisanu Enifa anayamba kutsegula m'mimba, madzi okhaokha oyera ngati otsukira mpunga. Filomena anamubereka n'kuthamangira kutenti. Lameki anayang'ana mwanayo, kenako mayi ake.

"Mayi, pulasitiki uja munatsegula?"

"Anali wathunthu," anatero Filomena motsitsa mawu. "Simunachotsepo kanthu."

Lameki analandira mwanayo n'kulowa naye. Filomena anatsala panja pa chingwe chotchingira anthu. Pakona pa tenti panali mulu wa mapulasitiki akuda, ndipo anaona kuti ena anawaduliratu aang'onoang'ono.