Tikiti ya mu Mpendero wa Siketi

Wailesi italengeza kuti woimba gitala uja wamwalira, Manzere anadzibaya ndi singano. Zaka makumi anayi ali telala, chala chake chinali chitaiwala kuti singano imaluma. Dzinalo linachokera ku dzanja lake. Ankasoka ndi lamanzere, kudula ndi lamanzere, ngakhale amuna a eni ake ankawaloza ndi lomwelo.

Tiyi asanazizire, kachipinda kake kosokeramo kanali katadzaza. Ometa wa khomo linalo anabwera lumo lili m'manja, kasitomala atamusiya mutu theka. Dalaivala anadzikhazika pa mulu wa nsalu za eni. Onsewa anali m'holo tsiku lomwe kunabwera bandi ya roko, ya anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, wagitala womwalirayo ali mmodzi wa iwo. Anaimba nyimbo imodzi yokha, masanasana, magetsi n'kuthima isanathe. Anyamatawo anapakira katundu ndipo sanabwerenso, koma nyimbo imodziyo anthu akhala akuitafuna mpaka mano kutha.

"Ng'oma ija inkandigunda m'mimba muno," anatero Dalaivala.

"Mimba yake iti? Nthawi ija munali ngati mpini wa tsache," anayankha Ometa. "Ine ndinaona waya wa gitala ukuduka ndi maso angawa."

"Munauona muli kuseri kwa chipilala?"

"Afunseni a Manzere, paja amati anali kutsogolo."

Pakona, pafupi ndi simbi, panakhala achemwali ake a Manzere, maso atachita ng'ala, jumbo ili pamiyendo. Mawa lake mwana wawo ankabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye kutali, ulendo wa masiku awiri, ndipo pa msinkhu umenewo munthu akapita kawirikawiri sabwerera. Nkhani ya nyimboyi ankaikonda kuposa onse, ngakhale m'holomo sanalowe.

Chomwe sanalowere, Manzere ankachidziwa bwino. Tikiti inali yawo. Anaima pamzere tsiku lathunthu kuti aipeze, ndipo poopa opisa m'matumba anaisokerera mu mpendero wa siketi yawo yobiriwira. Iwo ali kubafa, Manzere anamasula ulusi, n'kusolola tikitiyo, n'kusokanso msangamsanga. Pageti achemwaliwo anang'amba mpendero ndi mano, anthu akuwakankha, osapezamo kanthu. Manzere anadzanena kuti mlonda anamulowetsa chifukwa cha kumwetulira kwake. Kumwetulira kwake kuti, munthu wa mano ngati zipikiri?

"Tayamba, iwe," anatero achemwali. "Ndimve komaliza."

Manzere anayamba monga mwa masiku onse: momwe wagitala anakwerera pa chimkuzamawu, momwe tsitsi linkamuphimbira nkhope, momwe waya unadukira iye osasiya. Koma lero nkhaniyo inkapiringizika ngati ulusi wa m'bobini.

"Wadumpha paja anagwada," anatero achemwali.

Mwamwayi kasitomala wa mutu theka uja anayamba kukuwa panja. Ometa anathamanga, Dalaivala n'kutsatira kukaonerera ndewu. Anatsala awiri.

Achemwali anatsegula jumbo. "Undipindire mpendero uwu. Ndikufuna ndiivale mawa."

Inali siketi yobiriwira ija, itasuluka ngati tsamba louma. Manzere anaitembenuza. Pong'ambidwa ndi mano panali pomwepo. Pambali pake msoko wa achemwali unkayenda mwaulemu, wonse wopendekera mbali imodzi, kenako panali kachigawo kotalika ngati chala kopendekera mbali inayo. Kachigawo kameneko kanali ka dzanja la Manzere. Akangokhala chete lero, mawa basi inyamula munthu ndi siketi yomwe, iye n'kutsala nalo bodza lake mpaka kumanda.

"Achemwali, tikiti ija…"

"Eya, tikiti."

"Ndinaba ndine."

"Ndiye ukuyesa ndinkaganiza kuti anaba ndi mphaka? Ndinadziwa ndili pageti pomwepo. M'nyumba monse muja ndani ankasoka chopendekera uko?"

Manzere anakhala pansi pa zidutswa za nsalu. "Zaka zonsezi! Bwanji simunanene?"

"Ndikanakukalipira, ukanandifotokozera zam'katimo? Ndinati wakubayu andibwezere ndi pakamwa. Maso anga m'holo muja unali iweyo. Ndakhala ndikumuona wagitala uja chaka ndi chaka, ndipo chaka chilichonse amalumpha patali kuposa chatha."

Anaseka, koma Manzere sanaseke, chifukwa pansi pa bodzalo panali lina.

"Sindinaone kanthu, achemwali."

"Wati chiyani?"

"Sindinafike kutsogolo. Ndinaima kumbuyo, nditayang'ana kukhomo, kuopa kuti mulowa n'kundigwira. Nyimbo ija m'makutu mwanga simunalowe ngakhale liwu limodzi. Ndinangozindikira m'holo mwada."

"Nanga za kugwada? Za waya?"

"Ndinatola kwa a Ometa."

"Ometa! Wakuseri kwa chipilala uja?"

Apa kuseka kunatha. Achemwali anatembenuzira nkhope kukhoma. Simbi inkangoti tche tche pozizira. Manzere akanakonda atamumenya nayo.

"Kuba unaba," anatero achemwali pomaliza, mawu atatsika. "Zimenezo ndinakukhululukira usanakwatiwe n'komwe. Koma kuba n'kukataya? Tikiti imene ndinaimirira mpaka mapazi kutupa, iwe n'kukaonerera nayo chitseko?"

Manzere anangosisita msoko wake wokhota uja ndi chala chobayidwa, n'kusiyapo kadontho ka magazi.

"Ine atandibweza," anapitiriza achemwali, "ndinazungulira kuseri kwa holo. Kunali mgolo wa zinyalala pansi pa kawindo. Ndinakwerapo, siketi yong'ambika, mphaka akundidabwa. Ndinamva zonse. Magetsi atathima inu munayamba kukuwa ngati mbuzi, koma mnyamata wagitala uja analowa m'kachipinda ka kuseriko, n'kukhala pansi pa windo lomwelo. Anaimaliza nyimboyo yekha, motsitsa, gitala ikungoti ndi ndi ndi yopanda magetsi. Tawuni yonseyi, mapeto ake ndinamva ndine ndekha."

"Bwanji simunauzeko munthu?"

"Kuti uwabenso?"

Manzere anapukuta mphuno ndi chidutswa cha diresi ya mwini wake. "Ndiimbireni, achemwali."

"Soka kaye. Ndipo ulusi wako wokhotawo usaumasule. Maso anapita, koma zala zimaupeza."

Manzere analowetsa ulusi pa singano kachitatu konse usanalowe. Akusoka, achemwali anayamba kung'ung'udza, mawu okalamba, onjenjemera, phazi likugunda pansi m'malo mwa ng'oma. Aka kanali koyamba kuti Manzere aimve nyimboyo atatchera khutu. Itafika paja magetsi anathimira, achemwali anatseka pakamwa.

"Pitirizani!"

"Kotsalako ndikupita nako. Ukakufuna, ukwere basi masiku awiri udzandipeze. Tikiti yake ugule wekha."

Manzere anaweramira pa mpendero. Panja Ometa ankauza kasitomala wake kuti waya uja utaduka unamudutsa iyeyo pakhutu.