Madola a M'zitini za Penti

Casimir Stasiak anamasula mpukutu womaliza Lachiwiri masana, n'kukhuthulira ndalamazo m'chitini. Zitini zinali zinayi, zija za penti, ndipo m'menemo munali madola achitsulo zikwi zisanu, onyezimira ngati golide. Mapepala amene ndalamazo zinabwera zitakulungidwamo anawang'amba n'kukawakwirira m'bini ya kuseri, pansi pa makoko a mbatata.

Nzeru yogula madolawa anamupatsa ndi mlamu wake Duane. Ofesi yaboma yosula ndalama inkagulitsa madola achitsulo pa mtengo wake weniweni, dola pa dola, n'kukutumizira mwaulere mpaka pakhomo, pofuna kuti anthu awazolowere. Ukagula ndi khadi la ngongole la kampani ya ndege, dola lililonse linkakupatsa mailosi imodzi yaulendo. Kenako unkanyamula makatoni a madolawo kukaikitsa kubanki, n'kulipira khadilo ndi ndalama zomwezo. Chimene unkaluza ndi msana wokha.

Casimir sanali munthu wa njomba. Koma mwana wake yekhayo, Noreen, ankakwatiwa mu Meyi ku Hilo, kutsidya kwa nyanja, ndipo penshoni ya ku fakitale ya magalasi muno mu Toledo sikanakwana tikiti. Noreen anati amutumizire ndalama, iye anakana. Ankafuna mamailosi zikwi makumi anayi. Anali atapeza zikwi makumi atatu ndi zisanu, ndipo makatoni a mwezi uno ndiwo ankakwaniritsa. Lamulo la khadi linali limodzi: ukachedwa kulipira ngakhale tsiku limodzi, mamailosi a mwezi umenewo amafufutidwa. Tsiku lomaliza linali Lachisanu. Kudikira mwezi wina kunalibe phindu, chifukwa mipando ya mamailosi pa ndege za mu Meyi inali itatsala yowerengeka.

Lolemba kunabwera kalata yochokera kosulira ndalama kuja. Inali yaulemu. Inati aona kuti iye wakhala akugula madola ambiri, ndipo akungomukumbutsa kuti cholinga n'chakuti ndalamazo zizigulira zinthu, osati kuthamangira nazo kubanki. Casimir anaiwerenga katatu ataimirira, kenako anaimbira Duane.

"Alamu, mwayamba kulemberana makalata ndi boma?" anatero Duane. "Musadandaule, kundende ndizikubweretserani soseji Lamulungu lililonse."

"Ndichite chiyani?"

"Chikukuululani ndi pepala. Mipukutu ija aliyense amaizindikira kuti yachokera kosulira. Masulani zonse, muthire m'zitini. Kubanki mukati mwakhala mukusunga zaka ndi zaka."

"Inu munkatero?"

"Ine ndinasiya kale, msana. Koma ndikanatero."

Lachitatu m'mawa Casimir analowetsa zitini m'banki ziwiriziwiri, zogwirira zake zikumucheka m'manja. Pa kauntala panali Charlene, amene anamudziwa zaka makumi awiri.

"A Stasiak, lero mwabwera kudzatipentera?"

Anatsegula chitini chimodzi. Charlene anasuzumira, kumwetulira kuja n'kutha.

"Mipukutu ija ili kuti?"

"Izi ndakhala ndikusunga. Zaka."

Charlene anatola imodzi, n'kuitembenuza. "Iyi yatuluka mwezi watha, a Stasiak."

Casimir anayang'ana pansi.

"Mumaopa ife?" anafunsa Charlene motsitsa mawu. "Ife tinadziwa kalekale. Pa nthambi ino mulipo anayi ochita zimenezi, wina ndi dokotala wa mano. Palibe mlandu. Mipukutu ija timangolandira osawerenga n'komwe. Koma zomasula ngati izi tilibe makina ake. Timathira m'matumba, zimapita ku Cleveland, akawerenga ndiye zimalowa mu akaunti yanu."

"Masiku angati?"

"Khumi, ogwira ntchito."

"Ndikufuna Lachisanu."

"Ndiye mukulungenso. Makumi awiri ndi zisanu pa mpukutu, mulembe nambala ya akaunti pa uliwonse. Zifike isanakwane 2 koloko. Ikangopitirira, zimalembedwa za Lolemba."

Anakasaka mapepala okulungira m'madirowa onse, n'kubwera nawo khumi ndi limodzi. A madola sankasunga ambiri, chifukwa palibe ankawafunsa. Casimir ankafuna mazana awiri.

Anabweza zitini m'galimoto. Anazungulira masitolo anayi, ndipo monse anapeza mapepala a ndalama zing'onozing'ono, a dola ayi. Mabanki ena anamufunsa ngati ali ndi akaunti kumeneko. Kugolosale yaikulu kunali makina owerengera ndalama, koma ankadula pafupifupi dola limodzi pa khumi alionse, ndipo madola mazana asanu oti akwirire dzenjelo iye analibe. Pofika kunyumba anathamangira kuseri. Bini inali pululu, galimoto ya zinyalala inali itadutsa m'mawa.

Anakhala pa tebulo ndi nyuzipepala ndi sizasi. Nyuzipepala inkang'ambika, ndalama n'kumwazika mpaka pansi pa firiji. Zala zake, zimene zinagwira magalasi otentha zaka makumi atatu, zinali zitauma. Pofika Lachinayi m'mawa anali ndi mipukutu makumi awiri ndi itatu, ina yopindika ngati nthochi.

Foni inalira. Anali mlongo wake Bernadine, mkazi wa Duane.

"Achimwene, uyu waulula. Ali pano akuyang'ana kudenga. Nyamulani zitinizo mubwere ku holo ya parishi 1 koloko. Lero okalamba akusewera bingo."

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Anthu asadziwe."

"Ndiye Noreen amuperekeza kuguwa ndani? Duane? Mwana angalire."

Casimir anaika foni pansi. Anakulunga mipukutu ina iwiri, wachitatu n'kuphulika. 1 koloko itakwana anali pa khomo la holo, zitini zili pa kangolo ka mawilo awiri.

M'holomo munkanunkhira khofi ndi kabichi. Munali anthu ngati makumi anayi, ambiri amayi, aliyense ataweramira mapepala ake a manambala, chodindira cha inki chili m'manja. Casimir ankaganiza kuti Bernadine amulowetsa kukhitchini mwakachetechete. Bernadine analanda chimkuzamawu kwa woitana manambala.

"Tamverani kuno. Achimwene anga awa mukuwadziwa, chaka chatha anayankhula kawiri. Anamvera nzeru za mwamuna wanga, ndiye mukudziwa kale mmene zathera. Tikufuna manja."

Anafotokoza zonse, osasiyako ngakhale bodza la kubanki lija. Holo inaseka. Casimir anaima chilili, chipewa chili pachifuwa.

"Casimir, unali wolemera chonchi osanena?" anatero Mayi Banaszak, a zaka makumi asanu ndi atatu, amene anamuphunzitsa katekisimu. "Ndikanakusungira mdzukulu wanga."

"Zangongole izi, mayi."

"Amuna onse a parishi ino ndi angongole. Bweretsa kuno."

Mapepala a bingo akagwira ntchito amatayidwa, ndipo anali atadzaza katoni pakona. Bernadine anang'amba limodzi pakati, n'kuyesa. Linali lolimba kuposa nyuzipepala, ndipo linazungulira ndalamazo kawiri. Anapinda kumapeto, n'kumata ndi tepi. Mpukutu unaima woongoka, uli mathothomathotho a inki yofiira.

Masewera anaima. Anthu anasanjika ndalama m'timilu ta zisanuzisanu, timilu tisanu n'kukulunga. Mayi wina ankawerenga m'Chipolishi, wina anamuuza kuti atseke pakamwa akusokoneza anzake. Duane anakhala kumapeto kwa tebulo, akufotokozera aliyense kuti nzeru yakeyo inali yabwino, kungoti banki ndi yotsalira. Mipukutu yake ankaipotokola kumapeto ngati switi, ati ndi mmene imalimbira.

Casimir ankayenda kuseri kwa mipando, maso ali pa zala za anthu. Ankaona zala zonjenjemera, magalasi okhuthala, ndalama imodzi ikugubuduzika kulowa pansi pa piyano. Anagwada, n'kuitulutsa ndi ndodo ya tsache.

"Khala pansi, ukutichititsa chizungulire," anatero Mayi Banaszak.

Pofika 4 koloko zitini zinali zopanda kanthu. Mayi Banaszak anamugwira dzanja potuluka.

"Ukatibweretsere zithunzi. Osati za nyanja, za mkwatibwi."

Lachisanu m'mawa wonse unathera kulemba nambala ya akaunti, manambala khumi pa mpukutu uliwonse. Dzanja linachita dzanzi kawiri. Anafika kubanki 12 koloko, n'kupeza mzere wa anthu olandira malipiro wafika pakhomo. Charlene atamufikira, anatenga mpukutu umodzi, n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Bingo?"

"Munati ndikulunge."

"Ndinaterodi." Analuma mlomo kuti asaseke. "Koma izi ndekha sindingavomere. Bwana apita kukadya."

Casimir anakhala pa mpando moyang'anizana ndi wotchi ya pakhoma. Bwana wa nthambiyo, Bambo Pruitt, analowa 1 koloko itapitirira ndi mphindi khumi, kapu ya khofi ili m'manja. Anali wamng'ono kwa Noreen. Anamvetsera Charlene, n'kuyang'ana makatoni, kenako anatsegula buku la malamulo a banki n'kuyendetsamo chala.

"Palibe pamene anena mtundu wa pepala," anatero. "Koma poti si zakosulira, nditsegula itatu. Ikakwana yonse, tilandira. Wina ukaperewera, ndiye kuti sindingakhulupirire inayo, zonse zipita ku Cleveland. Mwamva, bambo?"

"Ndamva."

Woyamba unakwana. Wachiwiri unakwana. Wachitatu Bambo Pruitt anapisa pansi pa katoni, n'kutulutsa wopotokola kumapeto. Anasanjika timilu. Kachisanu kanali ndi zinayi.

Casimir anawerenga yekha ndi maso. Zinayi.

"Pepani," anatero Bambo Pruitt, akutseka buku.

"Ayi."

"Bambo, ndanena poyamba."

"Munanena kuti simungakhulupirire. Musakhulupirire. Yezani." Analoza sikelo ya makalata imene inali kuseri kwa Charlene. "Ndalama izi zimalemera mofanana. Kufakitale sitinkawerenga mabotolo, tinkayeza."

Bambo Pruitt anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana mzere. "Mipukutu mazana awiri?"

"Ine nthawi yanga yopuma sindinapite," anatero Charlene, akukoka sikelo. "Ndipumira pomwe pano."

Bwanayo anakweza mapewa. "2 koloko ndi 2 koloko."

Inali 1:25. Anayeza kaye mpukutu wokwana, Charlene n'kulemba kulemera kwake pa kapepala. Casimir ankaika, Charlene ankawerenga, wokwana kumanja, wokayikitsa kumanzere. Sikeloyo inkachedwa kukhazikika, manambala ankavina kaye. Munthu wina pa mzere anafunsa mokweza ngati banki yasanduka msika wa nyama. Casimir sanacheuke. Thukuta linkatsika m'khosi kulowa m'kolala.

Pa 1:40 anali asanafike theka. Casimir anayang'ana mulu wa kumanzere. Inali isanu, yonse yopotokola ngati switi.

"Iyi ndi ya mlamu wanga," anatero. "Tiyambe yake."

Anaisankha m'makatoni, makumi awiri ndi umodzi. Inayi ina inaperewera. Umodzi unali ndi ndalama yoonjezera. Yotsalayo, yopinda bwino ya amayi aja, inkangokwana motsatizana, ndipo Charlene anasiya kudikira kuti manambala akhazikike. Bambo Pruitt anali atabwerera, ataima chapatali. Anaika khofi pansi, n'kuyamba kulandira mipukutu ya kumanja ndi kuisanja m'thireyi.

Womaliza unatsika pa sikelo 1:54. Kuphatikiza uja anatsegula bwanayo, panaperewera madola asanu ndi anayi. Casimir anatulutsa chikwama. Munali madola asanu ndi awiri apepala. Anapisa m'thumba la jekete, n'kupeza makiyi ndi lisiti. Anapisa la thalauza, n'kupeza timakobidi ta basi. Anatithira pa kauntala, Charlene n'kumatikoka ndi chala kamodzikamodzi.

"Akwana," anatero. "Mwatsala ndi masenti khumi ndi asanu. Musawamasule."

Makina anadinda lisiti. Casimir analiyang'anitsitsa: Lachisanu, 1:58.

Sanadikire kukafika kunyumba. Anapempha foni ya pa tebulo la alendo, n'kuimba nambala ya kuseri kwa khadi. Nyimbo inalira mphindi khumi ndi ziwiri. Kenako kunayankha mtsikana wa mawu otopa. Casimir anatchula nambala ya akaunti, imene tsopano ankaidziwa pamtima, n'kulipira zonse.

"Zalowa lero?"

"Zalowa lero, bambo."

"Mamailosi a mwezi uno?"

"Alipo. Aoneka Lachiwiri."

"Bwerezani."

Mtsikanayo anabwereza. Casimir anathokoza, n'kuika foni. Kenako anadzuka, n'kupita kunyumba kukatulutsa suti m'kabati, aone ngati ikumukwanabe.