Dzina Limodzi pa Chikwangwani

Staf, mkulu wolemba zikwangwani m'tauni ya Aalst, anali pamwamba pa makwerero akupala penti pamene Griet anatuluka m'kanyumba kake kogulitsiramo chipisi. Kunkawaza kamvula. Pachikwangwanipo panali patangotsala dzina la Griet. La mwamuna wake, Lode, linali litayoyokera kale pansi ngati mamba ofiira.

Lode anachoka mu Malichi. Anapita ku Oostende ndi mayi amene ankawabweretsera mafuta ophikira. Chichokereni, Griet ankatsegula yekha, kukazinga yekha, n'kumadya chiimire. Mkulu wake wa ku Gent ankamuimbira foni Lamlungu lililonse kuti agulitse malowo, kuli kachipinda kopanda munthu.

"Mayi, ndikuuzeni zoona," anatero Staf akutsika. "Zilembo izi ndi zonenepa, komanso zopendekera kutsogolo. Ndi za mpikisano wa njinga, zoti munthu aziwerenga ali m'basi yothamanga. Zimakoma mawu akakhala aatali, chilembo chizitsamira chinzake. Nanga dzina lanuli, kufupika konseku? Likakhala lokha lidzangooneka ngati chidakwa chimene anzake achithawa."

"Ndiye mukuti ndikugwa, a Staf?"

"Ndikunena zilembo ine. Ndikulembereni zowongoka, zoonda bwino, zaulemu."

"Ngati za pamanda."

Staf anakanda m'mutu. "Apo ayi tingolemba kuti CHIPISI, dzina tisiye. Wodzagula malo ano asadzavutike n'kufufuta."

"Wakuuzani ndani kuti ndikugulitsa?"

"Aaa, mayi, kumalo omwera khofi anthu sakhala chete."

Griet anawoloka msewu, n'kukaima pamalo odikirira basi. Zaka zonsezi anali asanakaonepo kanyumbako ali patali chonchi, chifukwa nthawi zonse ankakhala mkati, kumafuta otentha, Lode ali pawindo kuseka ndi ogula. Tsopano kankaoneka kakang'ono kwambiri. Nyale inali kuyaka, koma mkati munalibe munthu. Basi inabwera, woyendetsa anatsegula chitseko n'kumuyang'ana. Pamphumi pa basiyo panalembedwa Gent. Griet anapukusa mutu, basiyo n'kupita.

Anabwerera tsitsi litanyowa.

"Lembani zomwezo," anatero. "Zonenepa, zopendekera. Koma muzikulitse, zidzaze thabwa lonse."

"Zidzaoneka ngati mukukalipira msewu wonse."

"Msewuwu sunandimvepo mawu. Lembani."

Mvula itakata, Staf anakweranso. Chilembo choyamba chokha chinatalika ngati mkono wake. Atamaliza, Griet anamufungatira chipisi m'pepala, koma mkuluyo anakana mwaulemu.

"Amayi kunyumba aphika kale. Ndikafika wokhuta, mlandu."

Anamangirira makwerero pagalimoto, n'kumapita. Griet anakhala pawindo, chipisi chija chikuzizira pambali. Ogula akale anadutsa awiri. Anayang'ana m'mwamba, kenako pansi, n'kufulumiza mapazi.

Chakumadzulo, basi ina inatsitsa mayi wachilendo wonyamula chikwama cholemera. Anaima, anawerenga chikwangwanicho, n'kuwoloka.

"Ndaona ndili m'basi, njala n'kundigwira pompo," anatero. "Kodi a Griet wake ndinu?"

Kwa zaka zambiri pawindopo anthu ankangomutchula kuti mkazi wa Lode.

"Ndine," anayankha. "Ndithire mchere?"