Pakamwa pa Wometa

"Yunivesite si msika woti aliyense angolowa!" anatero aphunzitsi opuma ntchito, akugogoda pansi ndi ndodo. "Zaulere zimawononga."

"Aaa, inu munaphunzira ulere, lero mwachotsa makwerero!" anawabweza dalaivala wa minibasi.

Wometa ankangoti "Zoona" kwa uyu, "Zoona" kwa uyo, makina akulira m'manja. Ntchito inamuphunzitsa zimenezo: mutu uli pampando sautsutsa, ungakamete kwina. Koma nkhani ya fiziyi inali itamufika m'khosi. Pa wailesi fizi, pa benchi fizi, kunyumba fizi. Mwana wake wamkazi anasankhidwa kukaphunzira unamwino, ngongole ya ophunzira anamumana, ndipo sabatayo ikatha malo ake apatsidwa kwa wina.

Chiyembekezo chinatsala kwa aphungu, omwe ankameta pomwepo ndiponso anali m'komiti yothandiza ophunzira osowa. Tsiku lawo lodzameta, wometa anauza mwana wake kuti avale bwino, adikire pakhomo pa malo ometerawo.

"Ndikawafika kundevu ndiwauza," anatero. "Munthu lumo lili pakhosi amamvetsera."

Aphungu anafika thukuta lili kamukamu, akuchokera ku mtsutso wa pa wailesi. Mtsutsowo anabwera nawo mpaka pampando.

"Otsutsa akuti ana a amphawi akutsalira. Bodza lamkunkhuniza!" anatero, thovu lili kuchibwano. "Inu ameti, mumaona anthu tsiku ndi tsiku. Mwana wokhoza bwino wotsala pakhomo chifukwa cha fizi, palibe. Si choncho?"

"Zoona, bwana."

Mawuwo anangotuluka okha ngati chitsokomolo. Wometa anawamva ali kale kunja.

"Mwamva?" aphungu anacheukira pa benchi. "Munthu wamba uyu, osati ine! Mawu amenewa ndikawanena m'nyumba ya malamulo."

Foni yawo inalira. Anadzipukuta okha, naimirira, foni ili kukhutu. Pakhomo anagwedezera mtsikanayo mutu. "Uzilimbikira sukulu, wamva?"

"Bwana, ndimati..." anayamba wometa. Koma chitseko cha galimoto ya aphungu chinali chitatsekedwa kale.

Ngakhale aphunzitsi anayang'ana pansi.

"Ameti inu," dalaivala anatero chapansipansi, "mbewa yamanyazi inafera kuuna."

Wometa anaponya lumo patebulo kuti athamangire galimoto, koma mwana wake anamugwira mkono. Sankalira ayi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamupweteka kwambiri bamboyo.

"Ababa, musadzivute. Mwawayankha kale," anatero mtsikanayo. "Azakhali akufuna wowathandiza kugulitsa m'shopu. Ndiyamba mawa."

Anatembenuka n'kumapita, akulambalala matope.

Wometa anaima pakhomo mpaka mwanayo atakhota. Kenaka anabwerera, nakutumula tsitsi la aphungu pansalu.

"Wotsatira," anatero.